Musatchinge dziwe, liyezeni

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno m'chigawo cha Tete ku Mozambique, munthu sachita kuuzidwa kuti apite kumtsinje. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale kumtunda, ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, kumene anthu amanyadira kamphepo kozizira, dzuwa la masana limawotcha ndithu. Ana akaweruka kusukulu, abusa akamwetsa ng'ombe, anyamata akatopa ndi kuumba njerwa, onse njira ndi imodzi, ya kudziwe. Tsono dziwe likakhala ndi thanthwe pambali pake, palibe mnyamata amene amalowa m'madzi poyenda. Amakwera pamwamba, anzake n'kumamuchemerera, iye n'kudziponya, khuvu!

Masewera amenewa sanayambe lero. Bambo amene anakulira m'mbali mwa Lifidzi, Revúbuè kapena Luia akhoza kukulozerani mwala umene ankadumphirapo ali mnyamata. Chimene chasintha n'chakuti kale dziwe linali la ana a m'mudzi momwemo, amene ankadziwa pamene pabisala mwala ndi pamene pali pozama chifukwa ankalowamo tsiku ndi tsiku. Lero wina amajambula pafoni, n'kuponya pa Facebook kapena pa TikTok, Loweruka lotsatira pafika gulu la achinyamata a m'tauni pa chapa (minibasi) ndi pa njinga zamoto, atanyamula sipika ndi mabotolo, osadziwa n'komwe kuti mfumu ya pamalopo ndi ndani. Iwo aona kudumpha kokha pakanema. Zimene zili pansi pa madzi sanazione, ndipo safunsa.

Ngozi ikachitika, pamaliro pamamveka mawu omwewo nthawi zonse: aletsedwe basi, mwana wopezeka pathanthwepo akwapulidwe. Ena amangopukusa mutu kuti linali tsiku lake. Pamakhalanso wina wachete, wa ndalama zake, amene akuwerengera mumtima kuti akatchinga malowo ndi waya, n'kuika baraka ndi chipata, aliyense wolowa azilipira. Onse atatuwa sindigwirizana nawo. Maganizo anga ndi akuti pali malo ena amene ayenera kuletsedwa kotheratu popanda kukambirana, koma maiwe otsalawo akhale otsegula kwa aliyense, ndipo mudzi uwatenge ngati katundu wake: uziwayeza, uziwaikira malire, uzikhala ndi munthu wodziwika woyankha za dziwelo.

Ndiyambe ndi chimene anyamata safuna kumva. Munthu akadumpha kuchokera pa mamita 5 amafika pamadzi ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola. Pa mamita 10 liwiro limafika pa 50, pa mamita 20 limafika pa 70. Liwiro limenelo ndi la njinga yamoto pamsewu wa phula wa ku Ulónguè, ndipo aliyense amadziwa chimene chimachitikira thupi likagwa panjinga yothamanga chotero. Madzi ndi ofewa ukamalowamo pang'onopang'ono. Ukawafikira mwaliwiro sakhala ndi nthawi yopatuka, amakumenya. Wogwera chamimba kapena chamsana pa mamita 10 akhoza kuthyoka nthiti, kuvulala m'kati, kapena kungokomoka, ndipo wokomoka m'madzi amamira ngakhale akhale katswiri wosambira. Wogwera cham'mbali nembanemba ya m'khutu ikhoza kuphulika, mutu n'kuzungulira moti sadziwanso kumene kuli kumwamba. Kuchokera pa mamita 10 mpaka pamadzi sipatha masekondi awiri. Ukangochoka pathanthwe, za kusintha maganizo zatha.

Anyamata amandiyankha kuti nanga azungu aja timawaona pafoni akudumpha pamaphompho aatali, bwanji iwo safa? Aja ndi akatswiri a mpikisano. Amuna amadumpha pa mamita 27, koma ataphunzira zaka zambiri, amalowa m'madzi ndi miyendo osati ndi mutu, ndipo pansipo pamakhala anthu osambira odikira kuti amuvuule akavulala. Pa masewera a Olympic nsanja yaitali kwambiri ndi ya mamita 10, ndipo dziwe lake limakhala lozama pafupifupi mamita 5, la madzi oyera oti munthu ali pamwamba amaona pansi pake. Pa nsanja ya mamita 5 dziwe limakhala pafupifupi mamita 4. Tsono taganizirani za dziwe lathu, la madzi a ndii, limene palibe amene analiyezapo chiyambire, ndipo wodikira pansi ndi mwana wa zaka khumi wogwira foni.

Koma kutalika kwa thanthwe si kumene kumandiopsa kwambiri, chifukwa kumaoneka ndi maso ndipo sikusintha. Chimene chimapha ndi chakuti dziwe limasintha pamene thanthwe lili chikhalire. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza Revúbuè mpaka mtsinjewo unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi amene angathyole mlatho wa simenti ndi zitsulo sangalephere kukunkhuniza mwala waukulu n'kuusiya pakati pa dziwe limene chaka chatha linali loyera. Ndipo sipafunika namondwe. Dzinja lililonse mtsinje umanyamula mchenga, zitsa ndi mitengo yathunthu, n'kuzitula pamene madzi amayenda pang'onopang'ono, ndipo malo amenewo ndi padziwe pomwepo. Masiku ano mchengawo wachuluka chifukwa tadula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, talima madimba mpaka m'mphepete penipeni, ndipo ku Chifunde, ku Macanga ndi ku Marávia okumba golide amavundula nthaka imene imathera m'madzi momwemo. Dziwe limene abambo anu ankati ndi lopanda pansi mwina lero mchenga wafika m'chiuno.

Onjezani izi: mwezi umene thupi limafuna madzi koposa ndi womwewo umene madzi amakhala ataphwera koposa. Mu Meyi dziwe limakhala lodzaza koma kukuzizira, anthu salifuna. Pofika Okutobala ndi Novembala madzi atsika mwina ndi mita yathunthu kapena kuposa, ndiye kuti mtunda wogwa watalika pamene kuzama kwachepa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene thanthwe limadzaza ndi anthu. Mnyamata amene amalumbira kuti anadumphapo pomwepa osavulala sakunama. Anadumpha mu Epulo.

N'chifukwa chake mawu akuti linali tsiku lake amandinyansa pankhani iyi. Chimene chimachitika n'chodziwika bwino. Wodumpha chamutu m'madzi osaya amagunda mchenga kapena mwala ndi pamutu, thupi lonse n'kutsatira ndi kulemera kwake, mafupa a khosi n'kuthyoka. Mitsempha yodutsa m'fupa la msana ikaphwanyika pamenepo, manja ndi miyendo zimafa nthawi yomweyo. Munthuyo amakhala ali maso, akumva zonse, atayandama chafufumimba, koma sangathe kutembenuka kuti apume. Anzake pamwamba amaseka, akuyesa kuti akuchita dala. Akamazindikira, nthawi yapita. Opulumuka ambiri amakhala opuwala moyo wawo wonse, pakhomo pamene palibe njinga ya olumala, mayi wake n'kumamutembenuza usiku kuti asatuluke zilonda. Imeneyi si nkhani ya tsiku la munthu. Ndi nkhani ya nsungwi yoyezera kuzama imene palibe anaiponya m'madzi m'mawa umenewo.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse mu 2021, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye ali patsogolo. Ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Bungwe la United Nations linapatula 25 Julayi kuti likhale tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kuno tsikuli limadutsa osalimva, chonsecho tili ndi Zambezi ndi nyanja yaikulu ya Cahora Bassa pakhomo pathu.

Malo oyenera kuletsedwa kotheratu ndiwatchule mosapita m'mbali. Zambezi si dziwe. Muli ng'ona, muli mvuu, ndipo ng'ona imaphunzira malo amene anthu amafikapo kawirikawiri pa nthawi yomweyomweyo. Amayi otunga madzi ndi asodzi amalowa m'ngozi imeneyi chifukwa alibe kuchitira mwina. Wodumpha chifukwa cha masewera alibe chifukwa choterocho. Kumunsi kwa Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, madzi amayenda malinga ndi mmene damulo latsegulidwira, ndipo sachenjeza mnyamata amene ali pamwala. Nyanja ya Cahora Bassa, imene inabadwa pamene damu la mamita 171 linatsekedwa mu 1974, ndi chigwa chomizidwa: pansi pake pali mitengo ndi miyala ya chigwacho, ndipo madzi ake amakwera ndi kutsika ndi mamita angapo. Chilala cha 2024 chinawatsitsa kwambiri, ndipo zimene zinali pansi patali zinafika pafupi ndi pamwamba. Mapiri a ku Songo ndi okongola pachithunzi, ndikuvomereza, koma amenewo ndi oonera ndi maso. Milatho nayo, kaya wa Samora Machel, kaya wa Kassuende, kaya kamlatho ka kumudzi, m'munsi mwa zipilala mumakodwa zipika ndi zitsulo. Amenewa apolisi aziletsa, ndipo ine sindidzawadandaulira ogwidwa.

Pamathithi pali chinyengo china chimene ambiri sachidziwa. Madzi oyera a thovu amene ali pamene mathithi amagwera ndi odzaza mpweya, motero sanyamula thupi monga madzi wamba. Umapalasa koma sukwera. Kuwonjezera apo amazungulira, kukukokera kubwerera pansi pa mathithi ukamayesa kutuluka. Malo amene amaoneka okoma kwambiri pakanema ndiwo oyenera kuwathawa. Ndipo m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pasakhale kudumpha kulikonse. Mvula ikhoza kugwa kumapiri kumene simukuona, pamene inu muli padzuwa, madzi n'kukupezani ngati khoma. Tsoka lake n'lakuti 25 Disembala ndi Chaka Chatsopano, masiku amene anthu amakhamukira kumitsinje ndi mowa, amagwa m'nyengo yomweyi.

Za mowa sindichulutsa. Woledzera amayeza molakwa, amachedwa kudziwongola m'mwamba, ndipo akamira samenya nkhondo. Kachasu ndi thanthwe zisakumane, kwatha.

Tsono bwanji osangoletsa zonse? Chifukwa taziyesa kale ndipo tikudziwa zotsatira zake. Mfumu ikaletsa dziwe la pafupi ndi mudzi, limene amayi ochapa amaliona ali padooko, ana sasiya kusambira. Amasamukira kudziwe la kuthengo, lakutali, limene palibe wamkulu amadutsako. Wina akavulala kumeneko anzake amathawa poopa chikwapu, amakafika kunyumba n'kukhala chete mpaka usiku, makolo atayamba kufunsa. Lamulo limene linayenera kuteteza mwana ndilo lamuchotsera womuthandiza. Komanso mwana woletsedwa madzi amakula osadziwa kusambira, m'chigawo chimene anthu amawoloka mitsinje yodzaza popita kusukulu ndi kumunda, ndipo ena adzakhala asodzi a kapenta panyanja usiku. A WHO omwewo amalimbikitsa kuphunzitsa ana a msinkhu wa kusukulu kusambira ndi kupulumutsa anzawo. Kuno kulibe maiwe a simenti ophunzitsiramo. Dziwe la kumtsinje ndilo sukulu yathu yokhayo.

Wa waya ndi chipata uja nayenso ayankhidwe. Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito, DUAT. Lamulo la madzi la 1991 limati madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja ndi a Boma, ndipo kuwagwiritsa ntchito pa zosowa za pakhomo ndi kumwetsa ziweto n'kwaulere. Lamulo la nthaka la 1997 limapatulanso malo ena oyandikana ndi madzi, monga mamita 250 kuzungulira madamu ndi nyanja zake, kuti munthu asatengepo DUAT. Choncho amene akubwera ndi pepala n'kunena kuti wagula mtsinje afunsidwe bwinobwino kuti pepalalo likunena chiyani. Chipata cholipiritsa sichizamitsa dziwe. Chimangosankha amene adzavulale: wa ndalama alowe, mwana wa m'mudzi amene anabadwira pomwepo apite kudziwe la kuthengo lija.

Komabe tisanamizire kuti odandaula onse ndi adyera. Njira ya kudziwe nthawi zambiri imadutsa m'dimba la munthu. Mayi amene wathirira kabichi ndi tomato miyezi itatu ali ndi chifukwa chokwiyira akapeza mizere yake yapondedwa, nzimbe zathyoledwa, magalasi a mabotolo ali mbwee pamene ana ake amayenda opanda nsapato. Pali dooko la amayi, limene mwamuna wa m'mudzi amadziwa kuti salifika osakuwa kaye, koma mlendo wa foni amangotulukira kamera ili m'manja. Pali manda, pali dambwe, pali maiwe ena amene makolo anawapatula kuti ndi a mizimu. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kapena ayi, eni ake anawapatula, ndipo n'kutheka kuti ena mwa iwo anawapatula atataya anthu mmenemo. Mlendo amene sayamba wafika kwa nyakwawa kapena kwa mfumu kukalonjera asadabwe akabwezedwa. Safunsa anadya phula. Ufulu wofika kumadzi ulipo, koma njira yake ikhale imodzi, yogwirizana pabwalo, yolambalala dooko la amayi, ndipo mwini dimba amene njira yamudutsa aganiziridwe.

Ntchito imene ndikupempha si ya mamiliyoni. A mfumu aitanitse bwalo, ndipo anthu oyamba kufunsidwa akhale abusa a ng'ombe ndi anyamata amene amasambira padziwepo, chifukwa ndiwo akudziwa, osati akuluakulu amene anasiya kulowamo zaka makumi atatu zapitazo. Padulidwe nsungwi yaitali, ilembedwe zizindikiro pa mita iliyonse. Osambira bwino awiri ayeze malo onse amene munthu angagwerepo, osati pakati pokha, kenaka amire n'kupapasa ndi manja kuti aone ngati mulibe chitsa. Kwa ine malire akhale awa: mwala wodumphirapo usapitirire mamita 5, ndipo nsungwi ya mamita 4 isakhudze pansi. Pamwala wa m'mphepete palembedwe mzere ndi penti. Madzi akatsika kupyola mzerewo, kudumpha kwatha mpaka chaka chamawa, otsala azingosambira. Kuyeza kuchitike mvula ikatha, kubwerezedwe mwezi uliwonse madzi akamaphwera, ndipo tsiku lililonse woyamba kufika alowe poyenda, aone kaye.

Padumphidwe ndi miyendo basi, thupi lowongoka, manja atagwira pachifuwa kapena m'mbali, mmodzimmodzi, wachiwiri adikire woyamba atatuluka n'kuchoka pamalopo. Chamutu ayi, ngakhale pamwala waufupi. Ndikudziwa kuti anyamata ati chamutu ndiye chokoma, ndipo kutembenuzika m'mwamba ndiko kumabweretsa anthu pakanema. Chikome choncho kwa amene ali ndi dziwe la Olympic. Njira yokwerera ndi yotulukira iyang'anidwenso, pakuti ambiri amavulala asanadumphe n'komwe, poterereka pa ndere, kapena amatopa pofunafuna potulukira pamwala wosalala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumtunda kuno madzi amazizira moti thupi likalowamo mwadzidzidzi limakoka mpweya lokha osafuna, ndipo ngati mutu uli pansi limakoka madzi.

Pali lamulo lina limene silingalembedwe pachikwangwani koma ndilo lofunika kuposa penti. Mwana amene wakwera pamwamba n'kuchita mantha aloledwe kutsika. Ndamvapo mawu amene amanenedwa pansipo: iwe ndiwe mkazi kodi, dumpha tione, batire likutha. Wodumpha ndi mantha ndiye amachoka pathanthwe mokayika, phazi limodzi litatsala, n'kugwera pafupi ndi mwala kapena chamsana. Ndipo wokankha mnzake, ngakhale mocheza, mlandu wake ufike kwa mfumu tsiku lomwelo ngati wa munthu woponya mwala pagulu. Achimwene amene mumatsogolera magulu amenewa, mawu anu amamveka kuposa a aphunzitsi. Mukanena kuti wotsika ndi mnzathu ndithu, ang'onoang'ono adzatsika.

Pambali pa dziwe pakhale nsungwi ina yaitali, chingwe, ndi chigubu cha malita 20 chopanda kanthu chotsekedwa bwino. Chigubu choterocho chimayandamitsa munthu wamkulu. Nthawi zambiri maliro a kumira amakhala awiri chifukwa wachiwiri analumphira kukagwira mnzake, womirayo n'kumukakamira pakhosi. Mutambasulireni nsungwi, muponyereni chigubu, kulowa m'madzi kukhale komaliza ndipo kwa wodziwa. Wovuulidwa amene sakupuma asamuzondotse miyendo m'mwamba kapena kumupondaponda pamimba kuti asanze madzi, monga timachitira kumudzi. Zimenezo zimangotaya nthawi. Agonekedwe chagada, auziridwe mpweya m'kamwa, akanikizidwe pachifuwa. Amene akuganiziridwa kuti wavulala khosi atembenuzidwe mutu, khosi ndi msana zili pamzere umodzi, anyamulidwe pa chitseko kapena pa thabwa. Kumukhazika panjinga yamoto pakati pa anthu awiri, mutu ukugwedezeka m'mabampu, kungamalize mitsempha imene inatsala. Kumbukirani mtunda wathu: kuchoka ku Ulónguè kukafika ku chipatala chachikulu cha ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo maiwe ambiri ali kutali ndi msewu wa phula. Anamwino a pachipatala chaching'ono cha pafupi akhoza kuphunzitsa anyamata khumi zinthu izi masana amodzi ngati mudzi utapempha. (Akabwera, muwafunsenso za likodzo, pakuti maiwe a madzi odekha a m'chilimwe ndiwo nkhono zake zimakonda, ndipo mwana wokodza magazi si kuti wakula, wadwala.)

Ndalama zichokere kuti? Apa ndi pamene alendo a m'tauni angakhale dalitso m'malo mwa chipsinjo. Mwana wa m'mudzi asalipire kanthu. Gulu lobwera pa chapa lisiye mametikali ochepa kwa komiti, ndipo ndalamazo zigule penti ndi chingwe, zilipire mnyamata woyang'anira Loweruka ndi Lamulungu, ndi kupepesa mwini dimba. Maganizo amenewa si achilendo m'chigawo chino. Ntchito ya Tchuma Tchato yosamalira zachilengedwe inayambira kuno ku Tete, ku Bawa m'boma la Mágoè, mu 1994, pa mfundo yakuti anthu okhala ndi zachilengedwe azipindula nazo ndipo azizisamala. Ija inali ya nyama zakuthengo ndi ndalama zambiri. Iyi ndi ya dziwe limodzi ndi kope la sukulu lolembamo zolowa ndi zotuluka. Kopelo liziwerengedwa pabwalo, chifukwa ndalama ya komiti imene siwerengedwa poyera timadziwa kumene imapita.

Mfundo yolimba yotsutsana nane ndi iyi, ndipo ndaimva kwa mafumu enieni a nzeru zawo: ndikaloleza ndi kulemba mzere pamwala, tsiku limene mwana adzafe pamenepo adzati ndamupha ndine. Mantha amenewa ndi oona. Ngakhale dziwe loyezedwa bwino likhoza kutenga munthu. Wina ali ndi khunyu losadziwika, wina watereka. Kudumpha pamwala sikudzakhala kopanda ngozi, ndipo chikwangwani chisanene kuti pano m'potetezeka. Chinene zimene zayezedwa, tsiku limene zayezedwa, ndi zimene zaletsedwa. Koma a mfumu, kusayeza sikukuchotserani maliro. Maliro adzabwera ndithu pamudzi panu, mudzapereka malo a manda ndinu, kusiyana kwake n'kwakuti adzabwera kawirikawiri. Chimene chingakuchotsereni katundu ndi kusasenza nokha: chigamulo chikhale cha bwalo, chilembedwe, a ku ofesi ya boma ya posto achidziwe, aphunzitsi aakulu ndi atsogoleri a mipingo achilengeze. Maboma athu ali ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zadzidzidzi amene a INGD, bungwe la boma loona za ngozi zoterezi, amagwira nawo ntchito pa nkhani ya kusefukira kwa madzi. Komiti yoteroyo ikhoza kutenga dziwe ngati gawo la ntchito yake ya m'chilimwe, nthawi imene ilibe zambiri zochita.

Chikwangwanicho chilembedwe m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, chikhale ndi zithunzi kaamba ka ang'onoang'ono amene sanayambe kuwerenga, ndipo tsiku loyezera lizilembedwa ndi choko kuti lizisinthidwa. Tsikulo likapitirira mwezi, dziwe litengedwe ngati losayezedwa. Padzakhala zaka zina, makamaka za chilala, pamene nsungwi idzakhudza mchenga mu Ogasiti, ndipo woyang'anira adzayenera kubweza chapa yodzaza ndi anthu amene alipira ulendo kuchokera ku Moatize, ndalama ya komiti n'kuthawa nawo limodzi. Amene adzasankhidwe pa ntchitoyi akhale munthu woti angathe kunena ayi kwa mwana wa mfumu, ndipo bwalo limulonjeze pamaso pa onse kuti likadzafika tsikulo lidzaima naye.